Kompyuta Ikayamba Kukwawa, Yambani Mwasamutsa Katundu



Teremu yathayi bambo wina, kholo la mmodzi mwa ana athu, anafika ku ofesi ya aphunzitsi atanyamula laputopu m'chikwama cha nsalu. Makinawo anali atachoka kwa wokonza milungu iwiri m'mbuyomo, ndipo ankayaka bwinobwino, mwachangu kuposa kale. Bambowo anali ndi funso limodzi lokha: zithunzi za ukwati wa mwana wawo wamkulu zapita kuti? Tinatsegula foda iyi ndi iyo, osapeza kanthu. Wokonzayo anachita zomwe anauzidwa. Anamuuza kuti makina akuchedwa, iye n'kufufuta zonse, n'kuikamo Windows yatsopano. Palibe amene anafunsa mnzake za zithunzi. Pamodzi ndi zithunzizo panapitanso makalata a malo, kaundula wa ngongole za pagolosale yawo, ndi mawu a malemu mayi awo, omwe anajambulidwa pa foni n'kusamutsidwira m'menemo kuti asungike.

Ife si amisiri a makompyuta. Ntchito yathu ndi ya choko ndi mabuku. Koma ofesi yathu ili ndi makina okalamba, m'makomo mwathunso ndi momwemo, ndipo zomwe tikulemba pano tinaziphunzira polakwitsa ndi pofunsa odziwa. Tikulemba chifukwa m'mabanja ambiri muli kompyuta imodzi, yogula itagwira kale ntchito kwina, yomwe nyumba yonse imadalira. Mwana wa Fomu 4 amasungamo manotsi ndi mapepala a mayeso akale a MSCE, bambo amasungamo za bizinesi, ndipo tikudziwa kuti mabuku ena a komiti, a zopereka ndi a ntchito yomanga, ali pa laputopu ya mlembi kapena ya msungichuma basi.

Wokonza uja sitimuimba mlandu waukulu. Chomwe chinalakwika ndi ndondomeko. Kompyuta ikayamba kuchedwa, tonsefe timathamangira funso lakuti tiikonze bwanji, pomwe funso loyenera kutsogola ndi ili: makinawa atazima lero osadzayakanso, n'chiyani chomwe sitingachipezenso kwina kulikonse? Nthawi zina kuchedwako ndi chizindikiro chakuti chosungira mafayilo chili pafupi kufa, ndipo masiku otsalawo ndi otulutsira katundu. Komanso pafupifupi njira iliyonse yokonzera ikhoza kuwononga mafayilo ikalakwika. Denga likamadontha pa matumba a chimanga, timayamba tasuntha matumbawo, kenako n'kukwera padenga.

Kuti timvane, tiyeni tiyang'ane m'kati mwa makinawo monga momwe tingayang'anire pakhomo pa mayi amene akupeta chimanga. Pali nkhokwe, pali lichero, ndipo pali mayiyo. Nkhokwe ndi disiki, momwe mumakhala zonse ngakhale makina atazima. Lichero ndi RAM, pomwe pamaikidwa zokhazo zomwe zikugwiritsidwa ntchito panthawiyo, ndipo makina akazima lichero limakhuthulidwa. Mayiyo ndi purosesa, mwini wa ntchito yeniyeniyo. Mayi akhoza kukhala wamphamvu, koma lichero likakhala laling'ono amangokhalira maulendo a kunkhokwe. Khomo la nkhokwe likamavuta kutsegula, ntchito imaima ngakhale lichero lili lalikulu. Ndipo mayi yemweyo mukamuika padzuwa la Okutobala, amachepetsa yekha liwiro kuti asakomoke. Kompyuta yochedwa kawirikawiri imakhala ndi limodzi mwa mavuto atatuwa, ndipo pa makina akale a m'makomo mwathu, wolakwa nthawi zambiri amakhala nkhokwe.

Makompyuta ambiri akale ali ndi hard disk. M'kati mwake muli timbale tozungulira ka 5400 kapena ka 7200 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayandama pamwamba pa timbaleto, pa mpata wochepa kwambiri kuposa kukula kwa tsitsi limodzi. Chinthu choyenda chotere chimatha, monga momwe imathera njinga. Kugwetsa kapena kugwedeza laputopu ili chiyakire, kuzima kwa magetsi mwadzidzidzi, ndi kutentha, zonsezi zimafupikitsa moyo wake. Malo ena pa timbaleto akawonongeka, kamkonoko kamayesa kuwerenga kambirimbiri kasanagonje, ndipo inu mumangoona makina ataima, kachizindikiro kakungozungulira pa sikirini. Mukamva kaphokoso kachilendo kakuti tiki-tiki mobwerezabwereza, mukaona foda ikutenga mphindi zingapo kuti itseguke, kapena fayilo ikukana kukopedwa ili pakatikati, musangoti ndi ulesi wa makina. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo yomwe imawerenga zomwe disikiyo ikunena za thanzi lake. Ikalemba Good ndi mtundu wa buluu, pumaniko pang'ono. Ikalemba Caution ndi chikasu, kapena Bad ndi mtundu wofiira, siyani zonse. Musayambe kusaka mavayirasi kapena kuyeretsa, chifukwa ntchito zimenezo zimathamangitsa disiki yodwala kale. Koperani zofunika kwambiri tsiku lomwelo.

Zofunika kwambiri ndi ziti? Ana athu tikawafunsa amayamba ndi mafilimu ndi nyimbo, zomwe zimadya malo ambiri komanso zimapezeka kwa mnzawo aliyense. Zimenezo zidikire kumapeto. Yambani ndi zomwe zili kwa inu nokha: zithunzi za banja, mawu ndi mavidiyo a abale, makalata a malo ndi a ntchito, masatifiketi osikana, mabuku a ndalama, manotsi omwe munalemba nokha. Zimenezi zimabisala m'malo angapo. Yang'anani pa Desktop, mu Documents, mu Pictures, ndipo musaiwale mu Downloads, momwe anthu ambiri amasiya zikalata zofunika kwa zaka osazisuntha. Ngati makina amagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo, aliyense ndi dzina lake lolowera, dziwani kuti aliyense ali ndi mafoda akeake. Lembaninso papepala mapasiwedi omwe makina akhala akukukumbukirani. Ambirife sitidziwanso pasiwedi ya imelo yathu yomwe, timangodalira kuti Chrome ikuidziwa.

Pali kusamvetsa kumodzi komwe nafenso kunatinamiza zaka zambiri. Wina amati, ine ndilibe nkhawa, zanga zonse ndimasunga pa D, osati pa C. Pa makompyuta ambiri, C ndi D si madisiki awiri. Ndi disiki imodzi yogawidwa pakati, ngati nyumba imodzi ya zipinda ziwiri. Kusunga pa D kumathandiza Windows ikawonongeka, bola wokonza asamale kufufuta C yekha. Koma disiki ikafa, kapena laputopu ikabedwa m'minibasi, zipinda zonse ziwiri zapita.

Akatswiri ali ndi lamulo lomwe amalitchula kuti 3-2-1: makope atatu a chinthu chilichonse chofunika, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi nyumba. Agogo athu ankalidziwa lamuloli asanaone kompyuta. Chimanga cha mbewu sichinkakhala m'nkhokwe limodzi ndi cha chakudya. Ankachipachika kukhitchini pa utsi, ndipo mbewu yabwino ankagawirako abale, kuti yako ikafumbwa ukapemphe konko. Kwa ife, kope loyamba ndi la pa kompyuta pomwepo. Lachiwiri likhale pa disiki yapadera yolumikiza ndi chingwe cha USB, kapena pa fulashi yabwino ngati katunduyo ndi wochepa. Lachitatu likhale pa intaneti, kapena pa fulashi ina yosungidwa kwa m'bale wodalirika wa dera lina. Amene anaona zomwe namondwe wa Freddy anachita m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023 akudziwa kuti nyumba imatha kupita ndi zonse zili m'katimo, kompyuta pamodzi ndi fulashi yomwe inali m'dirowa la tebulo lomwelo.

Pa intaneti pali malo aulere, koma ali ndi malire. Amene ali ndi Gmail ali ndi 15 GB, zomwe zimagawidwa pakati pa imelo, Google Drive ndi Google Photos, ndipo kuyambira 2024 makope a WhatsApp a pa mafoni a Android amadyanso malo omwewo. Microsoft imapereka 5 GB pa OneDrive. Poona mtengo wa bandulo, sitikulangiza kuti mukweze mavidiyo onse a ukwati. Koma zolembedwa ndi zopepuka kwambiri: makalata ndi mabuku a ndalama a zaka zambiri sangadzaze ngakhale 1 GB ngati ali mu Word ndi Excel. Akauntiyo muzilowamo apo ndi apo, chifukwa Google inalengeza mu 2023 kuti akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa ikhoza kufufutidwa. Nambala ya foni yomwe munalembetsera ikhale yamoyo, ndipo mukasintha nambala mukaisinthenso mu akaunti, apo ayi tsiku loiwala pasiwedi mudzagogoda pakhomo panu pomwe osatseguliridwa. Palinso msampha wina wobisika. Pulogalamu yomwe imafananitsa yokha foda ya pa kompyuta ndi ya pa intaneti imatsanzira chilichonse chomwe mwachita. Mukafufuta fayilo kuno, yafufutikanso uko, ndipo pa Google Drive imakhala pa zotayidwa masiku 30 okha isanasoweretu. N'chifukwa chake disiki ya m'kabati ikufunikabe ngakhale kwa amene ali ndi intaneti.

Za fulashi tikhalepo pang'ono, chifukwa ndiyo ili m'thumba la wophunzira aliyense. Fulashi ndi ngolo, si nkhokwe. Ntchito yake ndi kunyamula. Imatayika, imachapidwa limodzi ndi yunifolomu, imafa popanda chenjezo. Palinso zachinyengo, zolembedwa nambala yaikulu kunja pomwe m'kati muli malo ochepa. Yoteroyo imalandira mafayilo osadandaula, koma malo ake enieni akadzaza, zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zakale kapena zimangosowa, ndipo inu mumadziwa tsiku lomwe mukufuna kutsegula. Mtengo ukatsika mokayikitsa, kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza fulashi yatsopano n'kuiwerenganso, kenako imakuuzani kukula kwake kwenikweni. Iyeseni musanaikemo kanthu.

Fulashi yomwe mumapita nayo kokapulintitsa isakhale yomwe mumasungiramo za banja. Makompyuta a m'malo opulintira amalandira mafulashi ochuluka patsiku, ndipo ndi komwe ambiri timatengera kachilombo kodziwika kaja kosandutsa mafoda onse kukhala ma-shortcut. Anthu akaona zimenezi amataya mtima n'kufomata. Musafulumire. Kawirikawiri mafayilo amakhala alipo, angobisidwa. Ma-shortcut aja musawadine, chifukwa kudinako ndi komwe kumadzutsa kachilomboko. Sakani fulashiyo ndi antivayirasi, kenako uzani Windows ionetse mafayilo obisika, kuphatikizapo omwe imawateteza ngati a sisitemu, ndipo nthawi zambiri mudzawapeza ali bwinobwino.

Disiki yosungira ija mukamaliza kukopera, izuleni muiike m'kabati. Isakhale yolumikizidwa nthawi zonse. Pali mtundu wa vayirasi womwe umakiya mafayilo onse omwe wawapeza n'kufuna ndalama kuti atsegulidwe, ndipo sulekerera disiki yomwe ili pa chingwe. Mu Meyi 2017 vayirasi yotere yotchedwa WannaCry inafalikira m'maiko oposa 150, mpaka zipatala zina za ku Britain zinabweza odwala chifukwa makompyuta anali atakiyidwa. Microsoft inali itatulutsa kale, mu Malichi, chigamba chotseka bowo lomwe vayirasiyo inadutsira. Omwe anagwidwa ndi omwe anali asanachiike. Za zigambazi tibwererakonso.

Kope lomwe simunaliyese musaliwerengere. Mu 1998, kampani ya ku America ya Pixar ikupanga filimu ya zidole ya Toy Story 2, lamulo lolakwika linaperekedwa pa kompyuta ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo linafufutika. Atathamangira ku makope awo anapeza kuti sankasungika bwino kwa nthawi ndithu, popanda wodziwa. Anapulumukira kwa mayi wina wa pakampanipo, Galyn Susman, yemwe ankagwirirako ntchito kunyumba chifukwa anali ndi khanda, ndipo anali ndi kope pa kompyuta yake. Ngati zinawagwera iwo ndi akatswiri awo onse, nanga ife? Mukakopera, tengani disikiyo muilumikize pa kompyuta ina, mutsegule mafayilo angapo, akale ndi atsopano. Sankhani tsiku lokhazikika, kaya Lachisanu loyamba la mwezi, loti muzichita zimenezi. Windows 10 ndi 11 zili ndi File History, yomwe mukaiyatsa imakopera yokha disiki ikalumikizidwa, koma kukopera pamanja n'kulemba deti pa foda nakonso n'kokwanira.

Kwa akuluakulu athu a komiti, tikupempha mwaulemu kuti izi zikambidweko pa msonkhano. Mabuku a zopereka ndi amanah ya anthu onse omwe anapereka. Laputopu ya munthu mmodzi ikafa, kapena mwini wake akasamuka, kapena Allah akamuitana, mafunso omwe amatsatira amatha kudanitsa anthu omwe sanabe kanthu. Kope lachiwiri likhale kwa munthu wachiwiri, akaunti ya pa intaneti ikhale m'dzina la komiti, ndipo pasiwedi yake aidziwe anthu awiri kapena atatu. Lipoti la pamwezi lizipulintidwanso, pepala silifuna magetsi.

Matumba ali pouma, tsopano tikwere padenga. Yambani ndi zosalipira. Ambirife timangotseka chivindikiro cha laputopu kwa milungu, osaizimitsa. Ngakhale kudina Shut down pa Windows 10 ndi 11 nthawi zambiri sikuyambitsa zinthu mwatsopano, chifukwa Windows imasunga pa disiki zina za m'lichero n'kudzazibwezeretsa poyaka, pamodzi ndi zosokonekera zake. Restart ndiyo imakhuthula zonse. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti mutsegule Task Manager. Pamenepo muona CPU, Memory ndi Disk, omwe ndi mayi uja, lichero ndi nkhokwe, ndipo chomwe chikungokhala pafupi ndi 100 peresenti ndicho chikukuuzani komwe kuli vuto. Pa gawo la Startup pali mndandanda wa mapulogalamu omwe amadzuka okha makina akangoyaka. Ambiri a iwo palibe anawaitana. Zimitsani omwe mukuwadziwa kuti simuwafuna m'mawa uliwonse, ndipo omwe simukuwadziwa funsani kaye.

Chotsani mapulogalamu omwe simunawatsegule chaka chonse. Antivayirasi ikhale imodzi, chifukwa ziwiri zimalimbana ngati atambala m'khola limodzi. Windows 10 ndi 11 zimabwera ndi yakeyake, Microsoft Defender, yomwe pakhomo ndi yokwanira ngati ikulandira zatsopano, pomwe antivayirasi yomwe inatha nthawi zaka zitatu zapitazo ikungolemetsa makina. Chenjerani ndi timauthenga todumphira pa sikirini tonena kuti kompyuta yanu ili ndi mavuto mazanamazana, dinani apa tikuyeretsereni. Tambiri ta timeneti ndito matendawo. Ndipo inu anyamata a Fomu 3 ndi 4, tikudziwa kuti magemu ndi mapulogalamu othyola loko mumapatsana. Za kutenga cha mwini osalipira tinakambirana kale m'kalasi. Pano tingowonjezera kuti amene anathyola lokoyo sanakuchitireni ulere. Kawirikawiri amaikamo kakekake, komwe kamagwira ntchito mobisa pa makina a bambo anu.

Disiki isadzaze mpaka pakamwa. Lichero likadzaza, Windows imabwereka malo kunkhokwe, ndiye nkhokwe ikakhala yothina zonse zimaima. Mzere wa C ukafiira, samutsani mafilimu, khuthulani Recycle Bin, ndipo gwiritsani ntchito Disk Cleanup yomwe ili kale mu Windows. Masamba a intaneti makumi awiri otsegulidwa nthawi imodzi nawonso amadya RAM kuposa momwe ambiri amaganizira.

Za kutentha sizikambidwa mokwanira kwathu kuno, komwe fumbi la chilimwe limalowa paliponse. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Ngati makina amayamba bwino koma pakatha theka la ola ayamba kukwawa, fani ikulira ngati chigayo, pansi pakuotcha, vuto ndi limenelo. Laputopu siikidwa pa matiresi, pa bulangete kapena pa kapeti, chifukwa zambiri zimapumira pansi. Iikeni pa tebulo kapena pa thabwa. Kompyuta ya patebulo mukhoza kuitsegula nokha, mutaizula kumagetsi, n'kuchotsa fumbi ndi kaburashi kofewa kouma. Laputopu apatseni odziwa, ndipo muwapemphe asinthenso phala lomwe limapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa, chifukwa likakalamba limauma. Mukaona kuti batire yatupa mpaka kukankha kiyibodi kapena poyendetsera chala, lekani kuitchaja ndipo ichotsedwe msanga. Imeneyo ikhoza kuyaka moto. Kompyuta ya patebulo ilibe batire, choncho magetsi akamazimazima imavutika kwambiri. Amene angathe agule UPS, yomwe imapatsa mphindi zingapo zoti musunge ntchito n'kuzimitsa bwino. Amene sangathe azizula chingwe magetsi akazima, n'kudikira kuti akhazikike akabwera, ndipo mabingu akayamba achite chimodzimodzi.

Ngati pali kandalama, kapite kuti? Yankho lathu ndi SSD. Ichi ndi chosungira chopanda timbale kapena kamkono, chopanda chilichonse choyenda, ndipo pa malaputopu ambiri akale chimalowa pamalo pomwe panali hard disk. Makina a mu ofesi yathu, omwe ankatipatsa nthawi yofulula tiyi asanayake, tsopano amayaka tisanakhazikike bwinobwino pa mpando. SSD ya 240 kapena 256 GB imakwanira Windows, manotsi ndi zikalata. Pambuyo pake pabwere RAM. Masiku ano 4 GB ndi yothina, 8 GB imapumitsa. Koma RAM ili ndi mibadwo, DDR3 siilowa pamalo a DDR4, ndipo pa malaputopu ena inamatiridwa yosachotseka, choncho pitani ndi makinawo kapena nambala ya mtundu wake musanagule. Windows ya 32-bit siitha kugwiritsa ntchito RAM yoposa 4 GB ngakhale mutaikamo yochuluka bwanji. Kumbukiraninso kuti SSD nayo imafa, ndipo imafa mwakachetechete, popanda tiki-tiki wochenjeza uja, ndiye kukopera kwa pamwezi kusalekeke chifukwa makina ayamba kuthamanga.

Tibwerere ku zigamba. Microsoft inasiya kutumiza zigamba za chitetezo za Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo nthawi ya Windows 10 inatha pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa omwe analembetsa mu ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi. Makina sasiya kuyaka tsiku limenelo, koma mabowo atsopano satsekedwanso. Windows 11 imakana makina ambiri akale. Imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ya Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, womwe unayamba kutuluka mu 2017. Amene makina ake sakufika pamenepo asafulumire kuwataya. Pali Linux Mint, yaulere mwalamulo komanso yopepuka, yomwe imabwera ndi LibreOffice yolembera ndi kuwerengetsera, ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Imafuna kuizolowera, ndipo mapulogalamu ena a Windows sayendamo, koma kwa mwana wofuna kulemba, kuwerenga ndi kufufuza pa intaneti ndi yokwana. Ikhoza kuyesedwa kuchokera pa fulashi musanaiike m'makina. Kuiika kumafufuta disiki ngati mwasankha motero, choncho nayonso idikire makope aja.

Tsiku lopita kwa wokonza, lankhulani momveka. Nenani kuti muli ndi mafayilo, mutchule komwe ali, ndipo mugwirizane kuti safomata asanakuimbireni foni. Wokonza wabwino sakwiya ndi pempho limeneli. Ngati akuika SSD, muuzeni akubwezereni disiki yakale m'manja. Pali timabokosi totchipa tomwe timasandutsa disiki yakaleyo kukhala yolumikiza pa USB, ndipo ngati CrystalDiskInfo inati Good, ndiye kuti mwapeza malo a kope lachiwiri popanda kugula disiki ina. Musaisiye pa benchi ya wokonza kapena kuigulitsa limodzi ndi makina, chifukwa kufufuta wamba sikuchotsa zinthu. Kumangochotsa dzina pa kaundula, katundu n'kukhala momwemo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Zithunzi za amayi ndi ana aakazi a pakhomo, makalata a kuchipatala ndi a kubanki, si zoti zikayende m'manja mwa anthu osawadziwa.

Mfundo yomweyi ndiyo imapereka mpata kwa amene wafufuta molakwitsa. Yang'anani kaye mu Recycle Bin. Ngati mulibe, zimitsani makinawo nthawi yomweyo. Musatsitse kanthu pa intaneti, musaikemo pulogalamu, chifukwa chilichonse chatsopano chikhoza kukhala pamwamba pa zomwe mukufunazo. Disikiyo ilumikizidwe pa kompyuta ina, isakidwe ndi pulogalamu monga Recuva kapena PhotoRec, ndipo zopezekazo zisungidwe pa disiki ina, osati pa yomweyo. Pa hard disk mwayi ulipo ndithu. Pa SSD ndi wochepa, chifukwa imasesa yokha malo ofufutidwa.

Ndi zomwe tinayesa pa laputopu ya bambo aja. Tsoka lake, Windows yatsopano inali italowa, ndipo m'milungu iwiri ija ana anali atadzazamo kale mafilimu. Tinapezako zithunzi zina, zambiri zodukaduka. Za ukwati anazitolera kwa achibale pa WhatsApp, zosawala ngati zoyamba zija, koma nkhope zikudziwika. Makalata a malo anali nawo a pepala m'sutikesi. Kaundula wa ngongole akuulembanso kuchokera m'mutu, mothandizidwa ndi angongole omwe abwera okha kudzanena. Mawu a mayi awo sitinawapeze, ndipo foni yomwe anajambulira inagulitsidwa kalekale.